Galimoto Yokana Kulira pa Songwe

Mwezi uno ndifuna kuceza nanu za cinthu cimene ena adzati siciri ca mphunzitsi, ndico galimoto yokana kulira. Koma ife okhala pa Songwe tiona bvuto limeneli masiku onse, ndipo ndaona ndi maso anga ndalama za banja, zimene anthu anazisunga zaka zambiri ndi thukuta la m'munda wa mpunga, zirikutha tsiku limodzi cifukwa ca kusadziwa kanthu kakang'ono. Cifukwa cace ndati ndilembe zimene ndinaphunzira, kuti wina asagwe m'mbuna imene ife tinatsala pang'ono kugwamo.

Kwa inu okhala kutari, ndiyambe ndafotokoza malo athu. Songwe ndi mtsinje wolekanitsa dziko la Malawi ndi la Tanzania, ndipo mseu wa M1 uthera pa mlatho wace; tsidya lino ndi Songwe, tsidya lija ndi Kasumulu, ndipo kucokera pano kufika ku boma la Karonga ndi makilomita ngati 45. Pa mlatho umenewu palowa galimoto zambiri zogwirapo kale nchito zocokera ku Japan. Kumeneko lamulo liti galimoto yatsopano iyesedwe pakutha zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse, ndi kulipira ndalama zambiri. Tero eni ace ambiri akonda kuigulitsa ikali yolimba. Galimotozo zikwera sitima ya pamadzi masabata angapo kufikira ku doko la Dar es Salaam, ndipo kucokera uko aziyendetsa makilomita ngati 900, kudzera ku Morogoro, Iringa, Makambako, Uyole ndi Tukuyu, kufikira zitsikira kuno ku cigwa cotentha ca kunyanja. Pano ziima padzuwa kulindira makalata a msonkho a MRA. Zambiri za izo, kaya Toyota Corolla, kaya Sienta, Vitz, Nissan Tiida kapena Honda Fit, ndi zosintha magiya zokha, zimene anyamata azicha otomatiki: ziribe kalachi, ndipo pa ndodo ya giya palembedwa P, R, N ndi D.

Caka catha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anagula Corolla yakale ndi ndalama za mpunga wa kilombero wa zaka 4, pamodzi ndi za ng'ombe imene amai ace anagulitsa, kuti azinyamula anthu pakati pa Songwe ndi Karonga. Makalata atatha, analowa m'galimoto mokondwa, napotoza kiyi. Koma galimoto inangoti zii. Pomwepo anthu anasonkhana monga acita pa nyama yogwa. Wina anati batire lafa, ndipo anali nalo latsopano logulitsa. Wina anati sitata yapsa, ali ndi sipanala kale m'manja. Anyamata anaika giya pa D naikankha uku ndi uko kufikira dzuwa linafika pamutu, koma osaphula kanthu. Potsiriza mnyamata wa pa lole anadza ndi mawaya kuti aijampe ndi mabatire a lole yace. Pamenepo mphwanga anatuma mwana kudzandiitana, ndipo nditafika anati, "Amalume, ndalama zanditsalira zocepa, ndipo sindidziwa woti ndimumvere."

Ine sindinadziwenso kanthu. Koma panali mkuru wina wa imvi, woyendetsa lole ya mafuta, amene anakhala pamthunzi kupenya zonsezi. Iyeyo anadza nati, "Pepani aphunzitsi, auzeni anyamatawa akhale cete pang'ono. Galimoto ikadwala inena yokha pamene pawawa, koma m'phokoso simungaimve." Ndipo anati kwa mphwanga, "Mwananga, bwezera giya pa P, yatsa nyali zakutsogolo, ndipo upotoze kiyi." Mkuruyo anaima pambali nayang'ana nyali: zinawala bwino, ndipo popotoza kiyi sizinacepe kuwala ngakhale pang'ono, sipanamvekenso kugogoda kuli konse. Anati, "Batire liribe mlandu, ndipo sitata sinafunsidwe kanthu. Ponda buleki, ika giya pa N, uyesenso." Mphwanga anatero, ndipo injini inalira nthawi yomweyo. Wogulitsa batire anacoka osatsazika. Mkuruyo sanalandire kanthu koma kapu ya tiyi, ndipo madzulo ace ndinakhala naye kumfunsa mafunso, pakuti akuru anati safunsa anadya phula. Zimene anandiuza, ndi zimene ndafunsa kwa amakaniko kuyambira pamenepo, ndi izi.

Poyamba tisiyanitse nthenda ziwiri zimene anthu azisokoneza. Ina ndi iyi: mupotoza kiyi, injini ipukusika bwino, koma siigwira moto, pamenepo mlandu uli ku petulo kapena ku mapulagi. Ina ndi iyi: mupotoza kiyi, koma injini siipukusika konse, kapena ipukusika mwaulesi monga munthu wodwala malungo. Lero tinena za yaciwiriyi yokha. Munthu wothira petulo m'galimoto imene injini yace siipukusika afanana ndi wopatsa nsima munthu wokomoka.

Kale injini anali kuipukusa ndi manja, ndi citsulo copindika colowetsa kutsogolo, ndipo citsuloco cikabwerera cinathyola anthu mikono. M'caka ca 1912 Charles Kettering wa ku America anaika makina amagetsi opukusa injini pa galimoto za Cadillac, ndiwo amene tiwacha sitata. Sitata ifuna magetsi ambiri pa kanthawi kocepa, ma amp 100 kufikira 200 pa galimoto yaing'ono ya petulo, ndipo magetsi otere sangapite pa kiyi. Cifukwa cace pali njira ziwiri. Njira yaikuru ndi waya wonenepa wocokera ku batire kunka ku sitata, ndi wina wobwerera ku batire kudzera m'thupi la galimoto. Njira yaing'ono iri ngati ya mthenga: kiyi atuma magetsi pang'ono, ndipo apita pa fyuzi, pa relay, ndi pa kacipangizo ka pa bokosi la magiya, kufikira afika ku solenoid imene ikhala pamsana pa sitata. Solenoid ikalandira uthenga icita zinthu ziwiri: ikankha kagudumu ka mano kuti kalume mano a gudumu lalikuru la injini, ndiponso ilumikiza timikuwa tace kuti magetsi a njira yaikuru alowe. Kacipangizo ka pa bokosi la magiya kaja, kamene amakaniko akacha inhibitor switch, ndiye mlonda wa pakhomo: salola mthenga kupita pokhapokha giya iri pa P kapena pa N, kuti galimoto ingalumphe ndi kuponda munthu. Mlonda ameneyu akakalamba, kapena cingwe ca ndodo ya giya cikakhwepa, saona kuti giya iri pa P. Ndico cimene cinacitika kwa mphwanga.

Tsopano mukhoza kuona nzeru ya mkuru uja. Nyali zakutsogolo zidya pa batire lomwelo. Tero zikhala mboni. Yatsani nyali, khalitsani anthu cete, potozani kiyi, ndipo muone ndi kumva cimodzi ca zizindikiro izi.

Coyamba: nyali siziyaka konse, kapena ziyaka koma zizima mukapotoza kiyi. Pamenepo pitani ku batire, koma musafulumire kulitaya, pakuti kawirikawiri mlandu uli pa mitu yace. Gwirani zomangira za pamitu ndi kuzigwedeza. Zikatembenuka ndi dzanja, nzokhwepa. Mukaonapo ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, muyambe ndi mutu wa cizindikiro ca kucotsa, ndipo mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda yemwe amai aphikira therere. Mupale kufikira citsulo ciwala, ndipo pomanga mutsirize ndi mutu womwe munayamba nao. Mutu wotentha mutayesa kuliza ndiwo wosagwira bwino. Yang'ananinso waya wakuda pamene amangidwa ku thupi la galimoto ndi ku injini, pakuti dzimbiri la pamenepo lapacikitsa mlandu masitata ambiri osalakwa.

Caciwiri: pamveka kugogoda kofulumira, ke-ke-ke-ke, ndipo nyali ziphethira. Limeneli ndi batire lofoka: liri ndi mphamvu yokoka solenoid, koma liribe ya kupukusa injini. Musadabwe nazo pa galimoto yongofika kumene, pakuti yaima nthawi yaitari ku Japan, m'sitima ndi padoko, ndipo batire likakhala osagwira nchito litha lokha pang'onopang'ono. Kutentha kwa kuno kwathu kulikalambitsanso msanga. Amene ali ndi kamita koyezera magetsi adziwe ziwerengero izi: batire lodzala lionetsa volt 12.6; la 12.2 liri pakati. Locepera 12 latha. Popukusa injini lisatsike kupitirira 9.6. Injini ikalira, mita ionetse pakati pa 13.5 ndi 14.5, ikapanda kutero, alternator siidzaza batire, kapena lamba wace wakhwepa, ndipo batire latsopano lidzathanso panjira musanakwere mapiri a Chiweta. Madzi akacepa m'batire lotsegula, thiranimo madzi a batire ogula, osati a pa mjigo. Pogula lina, linganizani ndi lakale: galimoto zazing'ono za ku Japan zibwera ndi batire la mitu yaing'ono, ndipo pa nambala yace pali L kapena R kusonyeza mbali ya mituyo. Musakhomere comangira ndi nyundo, kapena kutsekera mpata ndi msomali.

Cacitatu: nyali ziwala bwino osasintha, ndipo palibe phokoso liri lonse. Apa mthenga sanafike. Mangani buleki ya pamanja, pondani ya phazi, ikani giya pa N, yesani. Ikakana, gwirani kiyi pa malo olizira ndi kugwedeza ndodo pang'ono pa P ndi pa N. Onaninso ngati cilembo coyaka patsogolo panu cigwirizana ndi pamene ndodo iri, ndi ngati nyali zakumbuyo ziyaka pa R, pakuti pa galimoto zambiri mlonda yemweyo ndiye aziyatsa. Zikalephera izi, tsegulani kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi batire. Pa cibvundikiro cace pali cithunzi, ndipo za sitata zilembedwa ST kapena STARTER. Fyuzi yakupsa ioneka yoduka m'kati. Ikanimo ya nambala yomweyo, osati waya kapena pepala lasiliva la ndudu, pakuti zimenezo zatentha galimoto zambiri. Relay mukhoza kuisinthanitsa ndi inzace yofanana nayo m'zonse kuti muone ngati ndiyo. Galimoto yoliza ndi batani ifuna kuti muponde buleki ndithu. Nyali za buleki zikapanda kuyaka, kacipangizo ka pansi pa copondera ndiko kolakwa. Ikapanda kuzindikira kiyi wace, kabatire kozungulira ka m'kiyimo katha: gunditsani kiyiyo pa batani, muli ciponderetu buleki, ndipo muyese.

Cacinai: pamveka kugogoda kumodzi kolimba, kha! ndipo basi. Nyali zikakhala zowala, ndiye kuti solenoid yamva uthenga koma timikuwa tace tadyeka, kapena makala a m'sitata atha. Wina akagogoda sitata pang'ono ndi cigwiriro ca nyundo pamene mnzace apotoza kiyi, nthawi zina ilira. Koma dziwani kuti mwangobwereka ulendo umodzi, pitani nayo kwa makaniko. Ndipo musabvomere msanga kugula sitata yonse, pakuti timikuwa ndi makala zigulidwa pazokha pa mtengo wocepa, ndipo mmisiri wokhulupirika azisintha tsiku lomwelo. Koma nyali zikafoka kwambiri pa kugogoda kumodziko, batire liri lodzala, lekani pomwepo: kapena sitata yamangika, kapena injini yeniyeniyo yagwira. Makaniko ayese kutembenuza injini ndi sipanala, ndipo acotse lamba aone ngati si alternator kapena makina oziziritsa m'galimoto amene aumirira.

Cacisanu: sitata imveka irikuzungulira yokha ndi liu lakuthwa, kapena ikukuta monga mphero, koma injini siitembenuka. Pamenepo kagudumu ka mano sikaluma, kapena mano a gudumu la injini adyeka. Musaumirize, pakuti kusintha gudumu limenelo kufuna kutsitsa bokosi lonse la magiya, ndiyo nchito ya ndalama zambiri.

Cacisanu ndi cimodzi ndi ca ife a kuno makamaka. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo mitsinje ya Songwe ndi Lufilya isefukira, ndipo madzi adzala m'zigwa za ku Kaporo. Galimoto ikazima iri m'madzi, musapotoze kiyi ngakhale kamodzi. Injini imeza mpweya ndi kuupanikiza, koma madzi sapanikizika; akalowa, sitata idzakankha, ndipo zitsulo za m'kati zidzapindika. Iturutseni m'madzi, tsegulani sefa ya mpweya muone ngati yanyowa, ndipo onani oilo ngati wasanduka wonga tiyi wamkaka. Makaniko acotse mapulagi onse, aturutse madzi, asinthe oilo, ndipo pamenepo ndi pamene muyese.

Ndinenenso zinthu zimene simuyenera kuzicita, pakuti pa izi pali moyo wa munthu.

Musakankhe galimoto ya otomatiki kuti ilire. Ya kalachi ilira pokankha cifukwa mateyala alumikizana ndi injini citsulo ndi citsulo. M'iyi alumikizana mwa mafuta, ndipo copopa mafutawo ciyendetsedwa ndi injini. Injini ikakhala cete, mateyala angozungulira okha. Zoona, kampani ya General Motors itaturutsa magiya otere pa Oldsmobile za 1940, galimoto zina za zaka zoyambazo zinali ndi copopa caciwiri kumbuyo, ndipo zinali kulira pokankha. Koma zimenezo zinalekeka kalekale, ndipo palibe yotere mwa izi zodzera pa mlatho wathu. Pa cifukwa comweco, kuikoka ndi cingwe mtunda wautari kupsereza magiya. Yoti ipite kutari aikweze pa lole, kapena anyamule mateyala okoka asagunde pansi.

Musajampe ndi lole yaikuru. Malole ambiri oima pa Songwe ayenda ndi volt 24, pamene galimoto yaing'ono ndi ya 12. Magetsi otere apsereza nyali ndi kompyuta yoyendetsa injini, ndipo mtengo wace udzakulizani. Jampani ndi galimoto yaing'ono inzace, zisagundane, ndipo motere: waya wofiira pa mutu wa mtanda wa batire lakufa, mbali yina pa mutu wa mtanda wa lamoyo, waya wakuda pa mutu wa kucotsa wa lamoyo, ndipo potsiriza pa citsulo coyera ca injini ya galimoto yodwala, kutari ndi batire. Pocotsa muyambire kotsiriza. Mukasemphanitsa mitu, fyuzi yaikuru idzapsa m'kuphethira kwa diso. Ndudu ndi moto zikhale kutari, pakuti batire lituruka mpweya woyaka, ndipo likaphulika madzi ace acititsa khungu.

Musalole munthu kugona pansi pa galimoto ndi kulumikiza sitata ndi sikuludiraiva. Njira imeneyo ilambalala mlonda uja, ndipo giya ikakhala siiri pa P bwino, galimoto idzayenda pamwamba pace, kapena pa mwana woima patsogolo. Makaniko akafuna kuyesa comweco, buleki ya pamanja ikhale yomanga, miyala ikhale ku mateyala, ndipo ana akhale kutari. Ndiponso musagwire kiyi pa malo olizira kupitirira masekondi 10. Pumulani theka la mphindi, pakuti sitata iribe coiziziritsa.

Tsono mwaona, abale, kuti pali dongosolo: muyamba ndi zosalira ndalama, ndizo maso, makutu, ndodo ya giya ndi mitu ya batire, kenaka za ndalama zocepa, fyuzi, relay ndi kudzaza batire, ndipo potsiriza pace sitata ndi injini. Wogulitsa adzafuna muyambire kotsiriza, ndipo si onse acita dala, ena sadziwa. Koma thumba ndi lanu. Pofika kwa makaniko musangoti galimoto yafa. Nenani cimene nyali zinacita ndi cimene munamva, ndipo mudzaona kuti alankhula nanu mwa mtundu wina. Sungani m'galimoto sipanala ya nambala 10, imene imasula mitu ya batire pa galimoto zambiri za ku Japan, mawaya ojampira onenepa, mafyuzi angapo ndi tochi. Amai oyendetsa galimoto, ndi ana athu opita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto za anthu, aphunzirenso zimenezi, pakuti usiku wa pa Chiweta suyang'ana kuti woyendetsa ndani.

Mphwanga analiza galimoto yace pa N masiku awiri, ndipo ndinamkakamiza kuti asazolowere, pakuti mlonda wogona pa P tsiku lina adzagonanso pa N. Anapita nayo ku Karonga, kumene makaniko anamasula tizomangira tiwiri, nasuntha kacipangizo kaja pang'ono, namanganso. Nchito yonse siinafike ola limodzi. Ndalama zimene zikadapita ku batire ndi sitata anagulira mateyala awiri, ndipo amai ace alikusunga za ng'ombe ina. Ukulu wa nkhaniyi ndi mau aja a makolo, akuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mwezi wa mawa, tikakhala ndi moyo, tidzaceza za nthenda ina ija, ya injini yopukusika koma yosagwira moto. Tsalani bwino nonse m'nyumba zanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pa Songwe